Zipata zisanu za Harar

Ambiri mwa ife amene tinachitapo ulendo wa Haji kapena Umrah podzera ku Addis Ababa timalidziwa dziko la Ethiopia ndi bwalo lake la ndege lokha, kumene munthu amawodzera pampando podikira ndege ya ku Jeddah. Koma makilomita oposa 500 kum'mawa kwa bwalo limenelo, pamwamba pa chitunda chimene chimayang'ana zigwa zotsikira ku dziko la Asomali, pali mzinda waung'ono umene wakhala ukumva adhana kwa zaka mazana ambiri mosalekeza. Dzina lake ndi Harar. Eni ake akamacheza okhaokha sautchula n'komwe ndi dzinali. Amangoti Gey, kutanthauza kuti "mzinda", ngati kuti padziko palibenso wina. Iwo eni amadzitcha Gey usu, anthu a mzinda, ndipo chiyankhulo chawo amachitcha Gey sinan, chiyankhulo cha mzinda.

Harar wa lero wakula ndipo wafalikira kumadzulo ndi misewu ya phula, masukulu ndi maofesi a boma. Nkhani yathu ili pa mzinda wakale, wotchedwa Jugol, umene uli m'kati mwa linga. Malo ake ndi mahekitala 48 okha. Linga lake, lomangidwa ndi miyala ndi dothi, ndi lotalika makilomita atatu ndi kanthu pang'ono, ndipo m'malo ambiri msinkhu wake umafika mamita anayi. Munthu woyenda bwino amalizungulira lonse pa ola limodzi. Pa malo ochepa choterowo bungwe la UNESCO, pamene linkauika mzindawu pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006, linawerenga mizikiti 82 ndi malo 102 okumbukirapo mashehe akale. Yambiri mwa mizikitiyi ndi yaing'ono, yosaposa chipinda chochezera cha nyumba yabwino, moti mlendo akhoza kuidutsa osazindikira, kupatula ngati waona nsapato zandandalikidwa pakhomo.

Chiyambi cha mzindawu chili m'mbiri ya pakamwa. Eni ake amati m'zaka za m'ma 1200 kunafika shehe wina kuchokera ku Arabia, dzina lake Abadir Umar ar-Rida, pamodzi ndi gulu la anzake ophunzira, ndipo ndiye anagwirizanitsa anthu a pachitundapo n'kukhala mzinda umodzi. Mpaka lero amamutcha Aw Abadir, ndiko kuti bambo Abadir, ndipo manda ake ali m'kati mwa linga. Apa tisasokoneze mbiri ziwiri. Maswahaba amene anathawira ku Habasha m'chaka cha 615, nalandiridwa ndi mfumu Najashi, anafikira kumpoto kwa dzikoli, m'ufumu wa Aksum, kutali kwambiri ndi Harar. Chisilamu cha ku Harar chinalowera pa doko la Zeila, chinakwera mapiri pa misana ya ngamila pamodzi ndi amalonda ndi aphunzitsi, monga momwe chathu chinafikira kunyanja kuno ndi a ulendo ochokera ku Kilwa ndi Zanzibar. Ngakhale pa fiqh tili nawo limodzi, pakuti ambiri kumeneko amatsata madhhab a Imam Shafi'i.

M'chaka cha 1520, Sultan Abu Bakr ibn Muhammad anasamutsira ku Harar likulu la ufumu wa Chisilamu wa Adal. Sipanapite zaka zambiri, mphamvu zenizeni zinagwa m'manja mwa mnyamata wankhondo, Imam Ahmad ibn Ibrahim al-Ghazi, amene adani ake ankamutcha Gragn, kutanthauza wamanzere. M'chaka cha 1529 iye anagonjetsa Lebna Dengel, mfumu ya Akhristu a kumapiri, pa malo otchedwa Shimbra Kure, ndipo m'zaka zotsatira analanda gawo lalikulu la ufumu umenewo. Mbali zonse ziwiri zinaitana abwenzi akutali. M'chaka cha 1541 kunafika asilikali 400 a Chipwitikizi motsogozedwa ndi Cristóvão da Gama, mwana wa Vasco da Gama yemwe uja anadutsa pagombe la Mozambique popita ku India, pamene Imam analandira asilikali a mfuti kuchokera ku ufumu wa Ottoman. Cristóvão anagwidwa n'kuphedwa mu 1542. Miyezi ingapo pambuyo pake, mu Febuluwale 1543, Imam nayenso anagwa ndi chipolopolo pa Wayna Daga, kufupi ndi nyanja ya Tana, ndipo gulu lake linabalalika tsiku lomwelo.

Olemba ena amaisimba nkhondoyi ngati ulemerero wokhawokha, ena ngati chiwonongeko chokhachokha, aliyense malinga ndi mbali imene waima. Ife tikaiyang'ana tikuona matchalitchi otenthedwa, mizikiti yogumulidwa, minda imene inakhala zaka 14 osaona khasu, ndi maufumu awiri amene anatsala ali wefuwefu ngati nkhunzi ziwiri zimene zalimbana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Mkazi wa Imam, Bati del Wambara, anabwerera ku Harar ndi otsala. Mbiri imati anavomera kukwatiwa ndi Nur ibn Mujahid, wachibale wa malemu mwamuna wake, pokhapokha atalonjeza kubwezera imfa ya Imam. Nur anakhala Amir wa mzindawu, ndipo mu 1559 anakwaniritsa lonjezo pamene mfumu Galawdewos inaphedwa pankhondo yolimbana naye. Koma chipambano chimenechi sichinadyetse munthu. Pamene maufumu awiriwa ankathana, mtundu wa Aoromo, oweta ng'ombe amene panthawiyo ankatsata chipembedzo cha makolo awo, unkakwera kuchokera kum'mwera n'kumadzaza dziko limene nkhondo inasiya lopanda wolisunga. Midzi ya Asilamu yozungulira Harar inatha umodziumodzi, ndipo opulumuka anathawira pachitunda. Apa m'pamene Amir Nur anauzinga mzinda ndi linga limene mbiri ya eni ake imalitcha ntchito ya manja ake. Chilala chinatsatira, njala inabala mliri, ndipo mliri womwewo unamutenga Nur mu 1567. Patapita zaka khumi, mafumu a Adal anasamukira ku Awsa, m'chigwa chotentha cha kumpoto, n'kuusiya Harar udzionere wokha.

Tiyenera kuliona linga limeneli monga momwe linalili: ntchito ya anthu otopa, amene anatuluka kukalanda ufumu wa eni ake n'kubwerera kudzateteza ana awo pa kachitunda kamodzi. Ndipo chodabwitsa n'chakuti zaka zimene Harar anakhala wodzitsekera m'malo ochepawa ndizo zimene zinabala zonse zomwe alendo amakazionera lero.

Kuyambira mu 1647, pamene Ali ibn Dawud anayambitsa mzere watsopano wa ma Amir, mpaka mu 1875, Harar anali dziko lodziimira palokha, lokhala ndi ma qadi ake ndi ndalama zake zachitsulo zotchedwa mahallak. Linga linali ndi zipata zisanu, chilichonse choyang'ana njira yake ya malonda: Asum Bari kumpoto, Argob Bari kum'mawa, Suqutat Bari ndi Badro Bari cha kum'mwera, ndi Asmaddin Bari kumadzulo. Anthu a kumeneko amakonda kunena kuti zipatazi n'zisanu monga nsanamira zisanu za Chisilamu. Dzuwa likalowa zipata zonse zinkatsekedwa ndipo makiyi ankapita kwa Amir. Wochedwa kumunda ankagona panja. Mlendo wobwera ndi mkondo ankausiya kwa alonda pachipata.

Koma m'mawa uliwonse zipatazo zinkatsegulidwa, chifukwa miyala sadya. Minda ya khofi, ya zipatso ndi ya mapira inali kunja kwa linga. Mkaka, mafuta a mkaka, nkhuni ndi nyama zinkabwera pamitu ndi pa abulu a Aoromo omwewo amene linga linamangidwira. Njira za ku madoko a Zeila ndi Berbera zinkadutsa m'dziko la eni ake. Choncho ma Amir anaphunzira kukhala ndi anansi awo mwa mphatso za nsalu, mwa mapangano ndi mwa ukwati, ndipo mabanja achifumu a mumzinda anakwatirana ndi mabanja a atsogoleri a kunja. Pang'onopang'ono, kudzera pamsika, paukwati ndi pa aphunzitsi oyenda m'midzi, Chisilamu chinatuluka pazipatazo n'kukafika kumene lupanga la Imam Ahmad silinachikhazikitse. Lero Aoromo ambiri a m'dera limeneli ndi Asilamu, ndipo ndiwo ambiri m'mizere ya swala.

Pali chinthu chimodzi chimene sitingachibise. Pakati pa katundu amene ankatsika kuchokera ku Harar kupita kunyanja panali khofi, minyanga ya njovu, nsalu, komanso anthu ogulitsidwa. Ife a m'mphepete mwa nyanja, amene tikudziwa zimene zinkaoloka pa Nkhotakota, sitifunika wotiphunzitsa kulemera kwa mawu amenewa. Mzinda wa mizikiti yambiri unali ndi msika wa akapolo, ndipo mbiri yoona iyenera kunyamula zonse ziwiri.

Kwa nthawi yaitali Azungu sankaloledwa kulowa. Mngelezi wina, Richard Burton, analowa mu Januwale 1855, nthawi ya Amir Ahmad ibn Abu Bakr, anakhalamo masiku khumi ali ndi mantha, ndipo analemba za chikhulupiriro chimene anachimva chakuti ufulu wa mzindawu udzatha tsiku limene Mzungu adzapondamo. Ufuluwo unathadi patapita zaka makumi awiri, koma amene anaulanda anali Asilamu anzawo. Mu Okutobala 1875 asilikali a ku Egypt, motsogozedwa ndi Rauf Pasha, analowa mumzinda ndipo Amir Muhammad ibn Ali anaphedwa. Iwo analamulira zaka khumi, anamanga nyumba zamakono, ndipo nthawi zina anakakamiza anthu a m'midzi kulowa Chisilamu, chinthu chimene chipembedzo chenichenicho sichilola. Atachoka mu 1885, Amir Abdullahi anakhala pampando zaka zosakwana ziwiri. Mu Januwale 1887 anatuluka ndi anthu ake kukakumana ndi Menelik, mfumu ya Shewa, pa Chelenqo, kutali ndi linga cha kumadzulo. Mfuti za Menelik zinali zambiri, ndipo nkhondo sinachedwe kutha. Akuluakulu amene anatsala mumzinda anatsegula chipata.

Onani kuti pa maulendo awiri onsewa linga silinagumulidwe. Linali chilili, ndipo wogonjetsa analowera pakhomo.

Menelik anaika Ras Makonnen kukhala bwanamkubwa. Pa bwalo lapakati, lotchedwa Feres Magala, msika wa akavalo, panali mzikiti waukulu. Unagwetsedwa, ndipo pamalopo panamangidwa tchalitchi cha Medhane Alem chimene chilipo mpaka lero. Mwana wa Makonnen, Tafari, amene anabadwira m'mudzi wa Ejersa Goro kufupi ndi Harar mu 1892, ndiye anadzakhala mfumu Haile Selassie. Kenaka kunabwera nkhonya ina yopanda mfuti. Njanji yochokera ku Djibouti inalephera kukwera chitunda, ndipo mu 1902 inafika m'chigwa pamalo pamene panabadwa mzinda watsopano wa Dire Dawa. Katundu anatsata njanji, ngamila zinachepa pazipata. Mu 1948 boma linamanga atsogoleri ambiri a Aharari powaganizira kuti akugwirizana ndi gulu la ndale la Asomali, ndipo mabanja ambiri anayamba kuchoka. Mu 1975 boma la asilikali linalanda minda ndi nyumba zobwereketsa, zimene zinali chuma cha mabanja akale. Lero Aharari ali ku Addis Ababa, ku Toronto, ku Melbourne. Chigawo cha boma chimene chimatchedwa ndi dzina lawo ndicho chaching'ono kuposa zigawo zonse za Ethiopia, ndipo kalembera wa 2007 anapeza kuti m'chigawomo iwo sakwana ngakhale munthu mmodzi pa anthu khumi.

Nanga chinawasunga n'chiyani kuti asasungunuke ngati mchere m'madzi? Tiyambe ndi chiyankhulo. Gey sinan ndi wa banja limodzi ndi Chiarabu ndi Chiamhara, koma wakhala zaka mazana ngati chilumba pakati pa Chioromo ndi Chisomali, akuyankhulidwa m'kati mwa linga mokha. Eni ake anamulemba ndi zilembo za Chiarabu, ndipo analemba nazo mabuku a chiphunzitso, monga Kitab al-Fara'id, lofotokoza zokakamizidwa kwa Msilamu, kuti mwana amve chipembedzo m'chiyankhulo cha mayi ake. Mwana aliyense ankadutsa m'madrasa otchedwa Qur'an gey pansi pa mphunzitsi wotchedwa kabir. Mzinda unatchuka ndi alembi okopera Qur'an pamanja ndi amisiri osoka zikuto za chikopa, moti mabuku a ku Harar ankadziwika ndi maonekedwe ake.

Chachiwiri ndi afocha. Limeneli ndi bungwe la anansi, la amuna palokha ndi la amayi palokha, limene munthu amalowa akakhala pabanja. Ntchito yake yaikulu ndi ukwati ndi maliro: kukumba manda, kunyamula jeneza, kuphika, kusonkha ndalama. Munthu wa afocha sasowa womuika. Ife tili ndi zofanana nazo m'mizikiti mwathu, kungoti zathu nthawi zambiri zimadzuka pakagwa zovuta, pamene zawo zili ndi atsogoleri, malamulo ndi chilango kwa wojomba. Aharari a ku Toronto anasiya linga kwawo koma afocha anapita naye.

Chachitatu ndi nyumba, ndipo apa m'pamene mlendo ayenera kudekha. Kunja kwake nyumba ya Chiharari ndi khoma lopanda kanthu ndi chitseko. Mukalowa m'bwalo n'kudutsa khomo lamatabwa osemedwa, mumafika m'chipinda chachikulu chotchedwa gidir gar. M'menemo mulibe mipando. Muli nsanja zisanu zadothi zoyalidwa makapeti ndi mapilo, zotchedwa nadaba, ndipo iliyonse ili ndi eni ake. Pali ya mwini nyumba, yoikidwa pamene akhoza kuona aliyense wolowa m'bwalo, pali ya akuluakulu ndi ophunzira, pali ya achinyamata. Mwana wa m'nyumbamo amadziwa pokhala pake asanadziwe kuwerenga. Makoma ndi odzaza ndi madengu oluka amitundumitundu ndi mbale zonyezimira, zimene ndi ulemu wa mayi wa pakhomo, ndipo m'khoma loyang'anizana ndi khomo muli mphako zosungiramo Qur'an ndi mabuku. Pamwamba pa chitseko pali thandala loikapo makapeti opinda: akakhalapo, ndiye kuti pakhomopo pali mwana wamkazi wofika pa msinkhu wa ukwati, ndipo a mnyamata safunika kufunsa mochititsa manyazi. Pansi pa chipindacho ndi popakidwa mtundu wofiira. Mukafunsa chifukwa chake, adzakuuzani kuti ndi magazi a anyamata amene anagwa pa Chelenqo. Papita zaka zoposa 130, koma mwana wa ku Harar amakwawa pa mbiri ya kwawo tsiku ndi tsiku.

Wofuna kukaona zimenezi ali ndi mwayi, pakuti ndege za Ethiopian Airlines zimanyamuka ku Lilongwe ndi ku Blantyre kupita ku Addis Ababa. Kuchokera kumeneko, ndege ya ku Dire Dawa imatenga pafupifupi ola limodzi, pamene basi imadya tsiku lathunthu, ndipo musanasankhe msewu yambani mwafunsa za mtendere wa m'madera amene ukudutsa, chifukwa zinthu kumeneko zimasinthasintha. Kuchokera ku Dire Dawa ndi makilomita pafupifupi 50 a msewu wokwera mokhotakhota, pa minibasi. Harar ali pa mamita pafupifupi 1,900 kuchokera pa mlingo wa nyanja ya mchere, ngati pamwamba pa phiri la Zomba, choncho wa ku Mangochi kapena ku Salima asaiwale juzi, makamaka ya pa swala ya Fajr. Ndalama yake ndi birr. Chenjeraninso ndi nthawi: Aitiyopiya amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, moti akati galimoto inyamuka 1 koloko m'mawa akutanthauza 7 koloko pa wotchi imene tinazolowera. Amene anakhalako ku Tanzania sadzadabwa. Pa nkhani ya nyama musade nkhawa, koma funsani, popeza m'dzikoli Asilamu ndi Akhristu ali ndi mabutchala osiyana.

Pamsewu wa ku Harar mudzadutsa malo awiri oyenera kuwayang'ana. Oyamba ndi nyanja ya Haramaya, imene inkamwetsa mzindawu. Chifukwa cha kupopa madzi mopyola muyeso, kuthirira minda ndi dothi lokokoloka m'mapiri ometedwa mitengo, nyanjayi inaphwa yonse cha m'ma 2005, anthu n'kumadyetsa ng'ombe pamene kale ankaponya maukonde. Madzi anayamba kubwereramo patapita zaka zambiri, koma Harar anachita kukokera madzi akumwa m'mapaipi kuchokera ku zitsime za m'chigwa cha Dire Dawa. Ife amene timadya za m'nyanja tikafika pamenepo timakhala chete. Achiwiri ndi Awaday, msika waukulu wa khat, masamba amene anthu amatafuna kuti aledzere nawo pang'ono. Khat walanda minda yambiri imene kale inali ya khofi, ndipo masana mudzaona amuna ali gone m'mithunzi, tsaya lili tu, ntchito itaima. Maulama amasiyana pa lamulo lake, ndipo ambiri amamuletsa. Ife tikaona maola ndi ndalama zimene amadya pabanja, tikuima ndi oletsawo. Ndipo amene akupitirira ku Jeddah asayerekeze kunyamula ngakhale tsamba limodzi, chifukwa ku Saudi Arabia ndi mlandu waukulu.

Galimoto imalowa mu Jugol pa chipata chachisanu ndi chimodzi, chimene chinabooledwa pambuyo pake, n'kukafika pa Feres Magala. Kuchokera pamenepo ndi miyendo basi. Tinjira take ndi tambirimbiri, topapatiza, tokhotakhota pakati pa makoma opakidwa zobiriwira, zapinki ndi zamtambo, amene eni ake amawapakanso mwezi wa Ramadhan ukamayandikira. Tengani wolondolera alendo tsiku loyamba. Safunsa anadya phula. Adzakutsitsirani mu Makina Girgir, njira ya atelala, imene inatenga dzina lake ku phokoso la makina osokera, mpaka ku Gidir Magala, msika waukulu, kumene amagulitsa nyama ya ngamila ndipo akabawi amaima pamadenga kudikira kanthu kakugwa. Adzakuonetsaninso kanjira kena kopapatiza kwambiri kotero kuti anthu awiri sangapatukirane osakhudzana. Amati awiri amene anayambana akakumana m'menemo sangachitire mwina koma kulonjerana.

Alendo ambiri a ku Ulaya amathamangira ku nyumba yotchedwa ya Arthur Rimbaud, mlakatuli wa ku France amene anachita malonda a khofi mumzindawu pakati pa 1880 ndi 1891. Nyumbayo ndi yokongola ndipo ili ndi zithunzi zakale, koma inamangidwa ndi wamalonda wa ku India, ndipo Rimbaud sanagonemo. Kwa ife nyumba yofunika kuposa ndi imene kale inali ya Ras Tafari, mmene tsopano muli zinthu zakale zimene Abdullah Sherif anasonkhanitsa khomo ndi khomo kwa zaka zambiri: ma Qur'an olembedwa pamanja, mabuku a fiqh, makalata a makhoti a ma qadi, ndalama za ma Amir, ndi nyimbo zakale zojambulidwa. Pemphani kuti akutsegulireni buku limodzi, muone inki yakuda ndi yofiira ndi timawu ta wophunzira wina m'mphepete mwa tsamba. Mabuku oterewa akanatha ndi njenjete ndi chinyezi m'mabokosi, kapena akanagulitsidwa kwa alendo. Timadzifunsa kuti makalata ndi mabuku a mashehe athu oyamba, amene anaphunzira kugombe n'kubwerera kudzatsegula madrasa kunyanja kuno, ali m'manja mwa yani lero.

Swala ya Ijuma ikakupezani kumeneko, pitani ku mzikiti waukulu wa Jami, wa nsanja ziwiri, ndipo mulawire chifukwa umadzaza. Manda a Amir Nur, okhala ndi denga lozungulira, sali patali. Pa manda amenewa ndi pa a Aw Abadir anthu amasonkhana kuchita sikiri ndi ng'oma, pakuti twarika ya Qadiriyya, yomwe ifenso tikuidziwa bwino, inazika mizu kumeneko kalekale. Nkhani ya zochitika pamanda ndi imene ifenso kuno timasiyana nayo maganizo, ndipo mlendo sapita kwa eni ake kukaweruza. Chimene tonse timagwirizana n'chakuti kuyendera manda kumatikumbutsa imfa, kuti akufa timawapempherera, ndipo kuti wopemphedwa ndi Allah yekha.

Pali mawu ena amene mudzawamva kwa olondolera ndi kuwaona m'timabuku ta alendo, akuti Harar ndi mzinda wachinayi woyera m'Chisilamu. Mawuwa ndi a chikondi, ndipo mizinda ina, monga Kairouan ku Tunisia, imadzitchanso chimodzimodzi. Koma Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, anatchula mizikiti itatu yokha imene munthu amamangira ulendo pofuna malipiro apadera: wa ku Makkah, wake wa ku Madinah, ndi Al-Aqsa. Ulendo wa ku Harar ndi wokaphunzira ndi kukaona abale, ndipo zimenezo n'zokwanira. Amene angathe asankhe mwezi wa Shawwal. Aharari amasunga kwambiri kusala kwa masiku asanu ndi limodzi a mweziwo, ndipo akamaliza amachita chikondwerero cha masiku atatu chotchedwa Shuwalid, chimene UNESCO inachilemba pa mndandanda wake mu 2023. Ndi nthawi imene a kunja amabwerera kwawo ndipo amayi amavala zovala zawo zopetedwa.

Tatsala ndi afisi. Kwathu fisi ndi nyama ya usiku imene dzina lake limayenda ndi nkhani za ufiti, ndipo palibe amene angamuitanire pakhomo. Ku Harar omanga linga anasiya mabowo m'munsi mwake, otulukira madzi a mvula, ndipo afisi amalowera m'menemo usiku kudzatola zotsala za m'misika. Anthu amakumana nawo m'tinjira n'kupatukirana. Kunja kwa linga, mdima ukagwa, pali mabanja amene kwa mibadwo ingapo akhala akudyetsa afisi pamanja. Munthu amakhala pansi ndi dengu la nyama, amawaitana ndi maina, ndipo amabwera mmodzimmodzi kudzalandira nyama pa kamtengo kosaposa chikhatho, nthawi zina kolumidwa pakamwa pa wodyetsayo. Mlendo amalipira kuti aone, ndipo wolimba mtima amapatsidwa kamtengoko. Palinso mwambo wa tsiku la Ashura wowaphikira afisi phala la mafuta a mkaka, n'kumayang'ana mmene adyera pofuna kudziwa ngati chaka chidzakhala cha zokolola kapena cha njala. Kuchitira chifundo nyama ndi sadaka, ndipo mzinda umene unapangana mtendere ndi chilombo m'malo mochipha uli ndi nzeru yake. Koma za mawa sizili m'mbale ya fisi. Wodziwa zobisika ndi Allah.

Gonani m'kati mwa linga ngati mungathe. Mabanja ena anasandutsa nyumba zawo zakale kukhala zogona alendo, ndipo ndalama imeneyo ndi imene ikuthandiza kuti makoma asagwe, chifukwa nyumba zambiri zimene eni ake anapita kunja zikung'ambika kapena zikuphwasulidwa n'kumangidwanso ndi simenti. Mayi wa pakhomo adzakupatsani kuti, chakumwa cha masamba a khofi owiritsa, nthawi zina chothira mkaka, chimene eni mzinda amamwa pamene khofi weniweni amapita kumsika. Amayi athu adzapeza kuti kavalidwe ka kwathu n'kolandiridwa, ndipo musajambule munthu musanamupemphe. Tikiti yobwerera ku Dire Dawa ikhale ya masana. Mukatuluka mu swala ya Fajr, pamene adhana za mizikiti yambirimbiri zangotha kuyankhizana pa kachitunda kamodzi, tsikirani ku Argob Bari kapena ku Asmaddin Bari. Zitseko sizitsekedwanso masiku ano, koma amayi a Chioromo amafikabe nthawi yomweyo, abulu ali patsogolo, ndi nkhuni, mkaka ndi nzimbe, n'kuyala malonda awo m'munsi mwa khoma.